Tsiku limene ndinawaledzeretsa agogo

Agogo anga aamuna mowa sankaulawa n'komwe. Kwathu ku Angónia, ku Mozambique, aliyense amadziwa zimenezi, ndipo woiwala amakumbutsidwa ndi azakhali. Anali munthu wa kolona m'thumba, woyenda pansi mpaka ku mishoni ya Lifidzi osadandaula mwendo.

Atamwalira anasiya jekete, ngolo yopanda ng'ombe ndi makina a Akai ojambulira mawu, amene anabwera nawo kuchokera ku Salisbury (Harare ya lero) komwe ankaphikira mzungu. Si wailesi ya kaseti ayi. Ndi aja a mikombero iwiri kutsogolo ngati maso a kadzidzi, tepi yofiirira n'kumachoka uku kupita uko. Pothawa nkhondo mu 1986, agogo aakazi anasiya mtondo ndi mbuzi, koma makinawa anawasenza pamutu mpaka ku Dedza, n'kubwera nawonso nkhondo itatha mu 1992. Ndiye mutha kuona ulemu wake.

Chaka chatha, tikukonzekera chiliza chawo, ndinapeza tepi imodzi m'sutikesi, pabokosi pake pali dzina lawo. Pakamwa panga ndi pamene panandipachika. "Azakhali, tsiku la chiliza agogo adzalankhula okha." Kumbukirani kuti ine ndimagulitsa mbatata ya kachewere pamsika wa Ulongwe. Ukatswiri wanga wonse unali mavidiyo atatu a pa YouTube.

Nditatsegula kumbuyo, mphemvu zinatuluka pamzere ngati zaweruka kusukulu. Mota inali moyo ndithu. Koma lamba wa mphira, amene amatenga mphamvu ku mota kupita ku gudumu lolemera la m'kati, anali atasungunuka n'kusanduka phula lakuda. Malamba akale amatero akakhalitsa. Ndinagwira ndi chala, chalacho ndinapukutira kumbuyo kwa thalauza, kenako ndinakhala pampando wa nsalu yoyera wa mayi a kunyumba. Nkhani ya mpandoyo ndi mlandu wina.

Lamba watsopano ndinamusowa, koma chubu cha njinga sichisowa. Ndinadula kamzere, kukoka, kumanga mfundo. Kunatsala kutsuka timitu tachitsulo timene tepi imakhudza podutsa, poti tikachita litsiro mawu amamveka ngati munthu ali mu mtsuko. Mzungu wa pa vidiyo anati pamafunika isopropyl alcohol. Ine ndinati mowa ndi mowa basi, n'kukagula kachasu wa mutu kuseri kwa msika. Ndinatsuka mosaumira, wina anatayikira m'kati. Tepi sindinaiyese, kuopa kuti nkhalamba ya tepi ngati iyo ingaduke tsiku lisanafike.

Tsikulo anthu anadzaza bwalo, anyakwawa ali pampando, makina ali patebulo loyala chitenje. Mota itayamba kutentha, kafungo kanayamba kuyenda. Amalume ananunkhiza mphepo, n'kuyang'ana mlamu wawo mokayikira.

Ndinapotokola batani. Kunamveka mawu aang'ono othamanga ngati mbewa ikukana mlandu. Ana anagwa nako kuseka. Liwiro linali pa 19, pamene tepiyo anaijambula pa masentimita 9.5 pa sekondi. Ndinakonza msanga, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kuzizira kwa Julaye.

Tsono makinawa moyo wake wonse ndi wakuti tepi iziyenda mofanana, osathamanga, osatsalira. Chubu chimatamuka, ndipo mfundo yanga ikafika pagudumu imadumpha. Agogo anayamba:

"Aaana aangaaa... mu-mundimveee... ineee..."

Lilime lolemera, mawu okwera n'kutsika ngati munthu akufunafuna chitseko cha nyumba yake usiku. Fungo la kachasu nalo lili ponseponse. Bwalo lonse zii.

Azakhali anaimirira, kumanga chitenje bwinobwino. "Iwe! Wawamwetsa chiyani bambo anga?"

"Azakhali, ndi lamba chabe..."

"Lamba amanunkha kachasu?"

Anyakwawa anaweruza pomwepo: nkhuku ziwiri, yina ya azakhali, yina ya malemu. Ya malemuyo anadya ndi anyakwawa.

Manyazi anandikweza chapa, minibasi ya kwathu kuno, mpaka ku Tete, makina ali pamiyendo, kudutsa Moatize, kuwoloka Zambezi, kutentha kukundiwotcha ngati chimanga. Kumeneko ndinapeza a mestre ena okalamba, mmisiri wokonza makina otere. Anayang'ana chubu changa nthawi yaitali osanena kanthu, zomwe zinandipweteka kuposa kutukwana. Anayeza njira ya lamba ndi ulusi, kupeza lamba wofupikirapo pang'ono kuti agwire, kupala phula lonse, kutsuka timitu tija ndi mankhwala enieni, kupukuta kagudumu kamphira kamene kamapanikiza tepi. Anayamba ayesa ndi tepi yawo ya nyimbo. Mawu mbee, osagwedezeka.

Kenako anaika ya agogo. Tsopano zonse zinkamveka: gitala patali, mabotolo akugundana, mayi wina akuseka. Ndiye agogo:

"Aaana aangaaa... mu-mundimveee..."

Chimodzimodzi.

"A mestre, liwiro lili bwino?"

Anavula magalasi. "Makina ali bwino, mwana wanga. Amene sali bwino ndi agogo ako."

Nditafika ku Ulongwe usiku, ndinatseka chitseko, kuchotsa lamba watsopano uja n'kubwezeretsa chubu, mfundo yake yomwe ija. Azakhali mpaka lero akandiona amapukusa mutu, ine n'kuwerama. Lambayo ali m'thumba la jekete ya agogo, limodzi ndi kolona.