Tisanakumbe maziko, timayamba takumba dzenje

Ine ndi achimwene tinayamba ndi mapiki awiri, mafosholo atatu ndi wilibala yobwereka. Tinkakumba maziko a nyumba ku Chilobwe, ku Manja ndi ku Chimwankhunda, madera amene nyumba zambiri zakwera m'mbali mwa phiri la Soche chifukwa kumunsi malo anatha.

Ntchito yathu yachitatu ndiyo inatiphunzitsa. Tinadula mtunda, dothilo n'kulithira kumunsi kuti poloti ikhale yosalala, ndipo kumtundako tinamanga khoma lotchinga dothi. Linali lokongola, la njerwa zootcha, koma sitinasiye pothawira madzi. Mvula ya Januwale itagwa masiku anayi osalekeza, khomalo linatupa pakati ngati mimba, kenaka linagwera m'khitchini mwa eni ake. Mwamwayi munalibe munthu. Tinalimanganso ndi ndalama zathu, ndipo kwa miyezi iwiri kunyumba tinkadya za ngongole.

Kuchokera apo, tikafika pa poloti timayamba takumba dzenje lakuya kufika pachifuwa kuti tione zimene zili pansi. Dothi lakuda lapamwamba, lokhala ndi mizu, timalichotsa lonse. Katondo wofiira wolimba amanyamula nyumba bwino. Makande ndiwo ovuta, amafufuma mvula ikagwa, chilimwe n'kung'ambika, ndipo makoma amang'ambika nawo limodzi. Ndimatapa dothi, kulinyowetsa ndi kulipota m'manja. Likapoteka ngati chingwe osaduka, ndimadziwa kuti lisunga madzi. Tikapeza chinyezi m'dzenjemo mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndiye kuti pali kasupe pansi, ndipo ndimauza mwini wake kuti aitane injiniya tisanapitirize.

Chimene sindilola m'pang'ono pomwe ndi kukhazika maziko pa dothi lothira. Ngakhale mulitsendere bwanji, lidzatitimira ndithu. Timakumba mpaka tipeze dothi lachibadwidwe, maziko n'kuwatsitsa ngati masitepe motsatira kutsetsereka kwa malo. Kuseli kwa khoma timathirako kwale, pansi pake n'kuikamo timapaipi totulutsa madzi, kumtunda n'kukumba ngalande yopatutsa madzi ochokera kuphiri. Zonsezi zimadya simenti ndi masiku, ndipo ena amatithawa. "Amisiri, mwadulitsa," amatero, n'kukapeza anyamata okumba mlungu umodzi.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope ndi miyala ikuluikulu zinatsikira ku Chilobwe usiku anthu ali mtulo. Tinatenga mafosholo omwewa kukathandiza kufukula anthu. Sindinganene kuti khoma labwino likanaimitsa zimene ndinaonazo, ayi. Mwala waukulu ngati galimoto suona kuti simenti munathira yochuluka bwanji. Pali malo ena oti munthu asamangepo n'komwe, makamaka m'khwawa momwe madzi amadutsa ndi m'munsi mwa miyala yolendewera pamene mitengo inatha kudulidwa.

Tsopano tilipo anthu 8, ndipo ntchito za malo otere timazikana, ngakhale ndalama zili m'manja. Mwezi watha mayi wina anatitengera pa poloti imene anagula ndi ndalama za penshoni. Nditaona miyala yosalala yozungulira m'dzenje lathu, ndinadziwa kuti pamenepo pankadutsa mtsinje. "Mayi, pepani, pano ife sitikumba," ndinatero. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anandipempha kuti Loweruka ndikawaonere malo ena ku Chileka.