Funso la nambala 7 ndilo linali lodwala

Lachiwiri usiku, magetsi atazima kuno ku Mtendere mu Lusaka, ndinamvetsa chinthu chimene chandizunguza mutu teremu yonse. Mapepala 60 a ana a Giredi 9 anali mbwee pamphasa, ine nditagwira tochi ya pafoni ndi bolopeni yofiira. Azakhali anasuzumira pakhomo n'kuti, "Iwe, batire ikatha usabwere kudzapempha foni yanga." Sindinawayankhe bwino, maso anali pa funso la nambala 7.

 Chimene chinkandikanika kukoleji ya uphunzitsi ndi item analysis, kuunika funso lililonse la mayeso palokha, makamaka discrimination index (D), nambala yoonetsa ngati funso likusiyanitsa ana okhoza bwino ndi ofooka. Aphunzitsi athu kukoleji analemba fomula pabolodi, D = (U − L) ÷ n, n'kufufuta tisanamalize kukopera, ati nthawi yatha. (U ndi ana okhoza funsolo m'gulu la apamwamba, L ndi okhoza m'gulu la apansi, n ndi chiwerengero cha ana m'gulu limodzi.) Ndinailoweza, mayeso ndinakhoza, koma mukanandifunsa kuti imagwira ntchito yanji ndikanangoseka.

Ndiye pa TP ino (teaching practice, nthawi yoyeserera kuphunzitsa pasukulu) ndinapereka mayeso a Social Studies, mafunso 20 osankha yankho. Nditachonga ndinadabwa kuti kamtsikana kena kamene kamakhala kutsogolo, kosaphonya funso m'kalasi, kalakwa nambala 7. Mnzake amene amapikisana naye walakwanso. Koma mnyamata wina amene amabwera kusukulu Lolemba ndi Lachisanu basi, wakhoza. Apa m'pamene ndinatsegulanso manotsi aja.

Ndinasanja mapepala onse kuyambira wamalikisi ambiri mpaka wotsiriza. Ndinatenga 27 peresenti apamwamba ndi 27 peresenti apansi, monga ananenera katswiri wa za mayeso Truman Kelley mu 1939. Pa ana 60, ndiye kuti 16 uku, 16 uku, apakati kuwaika pambali. Pa funso la nambala 7, mwa apamwamba aja akhoza ndi 5 okha. Mwa apansi, 11. Kuchotsera n'kugawa ndi 16, D ikubwera −0.38. Nambala yokhala ndi minasi kutsogolo! Ndiye kuti funso langa linkapatsa malikisi osawerenga n'kulanga owerenga.

Funsolo linkati: likulu la Northern Rhodesia linali kuti? A ndi Livingstone, B Lusaka, C Ndola, D Kitwe. Papepala langa la mayankho ndinali nditalemba B. Koma likulu linali ku Livingstone mpaka 1935, pamene linasamukira kuno ku Lusaka, ndipo zimenezi ndinawaphunzitsa ndekha. Ana owerenga anakumbukira phunziro lija n'kusankha A. Osawerenga anangoti likulu ndi Lusaka basi, tauni imene amakwereramo minibasi tsiku lililonse. Mayankho onse awiri ndi oona, wolakwa anali ine amene sindinaike chaka m'funsomo.

Chimene chinanditsegula m'maso n'chakuti nthawi yonseyi ndinkaona mayeso ngati sikelo yoyezera ana. Sindinaganizepo kuti ana nawo akuyeza sikeloyo. Mayi wogulitsa nyemba ku Soweto Market akaona kuti aliyense akudandaula kuti kilo yachepa, amayamba kukayikira sikelo yake. Ife aphunzitsi timangoti ana a masiku ano sawerenga.

Usiku womwewo ndinachita mafunso onse 20. Asanu D yawo inali pamwamba pa 0.40, abwino zedi. Atatu anali pansi pa 0.20, ofooka, ndipo limodzi aliyense analikhoza, ndiye silinandiuze kanthu za mwana aliyense. Ndinapezanso kuti pa nambala 7 pomwepo palibe ngakhale mmodzi anasankha Kitwe, kutanthauza kuti yankho limenelo linangodzaza malo. Kunena zoona, panopa ndikuona ngati mphunzitsi amene sachita zimenezi akungochonga mumdima. Bwenzi ataika phunziroli sabata yoyamba kukoleji, m'malo motithera miyezi ndi mbiri ya maphunziro.

M'mawa mwake ndinapita nazo kwa a Madamu amene akundiyang'anira pasukulupo. Anayang'ana manambala anga, n'kumwetulira. "Aphunzitsi, mwachita bwino. Koma ine ndili ndi makalasi anayi, iliyonse yodzaza ngati yanuyi. Ndikamachita zimenezi mayeso aliwonse, ndidzagona nthawi yanji?" Zinandinyansa pang'ono, chifukwa ndimayembekezera kuti asangalala nane. Koma ine kalasi imodzi yokha inandidyera maola atatu, ndipo tsiku lotsatira ndinkasinza m'minibasi mpaka kondakitala anachita kundidzutsa. Ndi kompyuta zingafulumire, kungoti wina ayenera kulowetsabe yankho lililonse la mwana aliyense.

Ana amene anasankha A ndinawabwezera maki awo, za izo sindinakayike. Chikundivutabe ndi china. Mayeso a sabata yamawa ndi a ndime, mwana kulemba yekha chifukwa chake chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinatha mu 1963. Pamenepo palibe kukhoza kapena kulakwa kokha, wina apeza 3 pa 10, wina 7, ndipo amene akupereka malikisiwo ndine ndemwe, wotopa, pansi pa tochi. Fomula ija ndiigwiritsa bwanji pamenepo sindikudziwa. Ndikukayikiranso ngati pepala la 58 ndimalichonga ndi mtima womwe ndinachongera loyamba.