Chimene chimaimitsa mzinga wa pa galimoto yankhondo yopepuka

Magalimoto ankhondo akamadutsa mu Independence Avenue cha ku Arakan Barracks ku Lusaka, anthu oima m'mbali mwa msewu amayeza ukali wake poona kunenepa kwa mpope. Muyeso umenewu umasokeretsa. LAV-25 ya asilikali a ku America imalemera matani pafupifupi 13, pomwe kasinja weniweni amapitirira matani 40. Mzinga waukulu ukawomba umakankha kumbuyo mwamphamvu moti galimoto yopepuka imavutika nawo, komanso zipolopolo zake zimadya malo okhala asilikali. N'chifukwa chake opanga ambiri anakhazikika pa mzinga wodziika wokha zipolopolo, wa pakati pa 20 mm ndi 40 mm. Mfuti ya 14.5 mm ya pa BRDM-2, galimoto yankhondo yopepuka ya ku Soviet Union, ikadali m'gulu la mfuti zachiwaya, popeza chipolopolo chake n'chaching'ono kuti chinyamule zophulika zokwanira.

Wodziwika kwambiri ndi M242 Bushmaster wa 25 mm, amene kampani ya Hughes inakonza m'zaka za m'ma 1970, ndipo ali pa LAV-25 ndi pa Bradley, galimoto yankhondo yonyamula asilikali ya ku America. Amalemera makilogalamu pafupifupi 119 ndipo amamasulidwa m'zigawo zitatu: mpope, thupi lake, ndi chigawo chodyetsa zipolopolo. Mfuti zambiri zimadziyendetsa ndi mpweya wa wonga kapena ndi kukankha kwake kwa kumbuyo. Uyu ayi, amayendetsedwa ndi mota yamagetsi. Motayo imazunguza tcheni chonga cha njinga, chodutsa pa magiya anayi oikidwa m'ngodya zinayi. Pa tchenipo pali kachitsulo kamodzi kamene kamakoka bolt, chitsulo chokankhira chipolopolo mu mpope ndi kuutseka kumbuyo. Kakakhala pa mbali yaitali, bolt imapita kutsogolo kapena kubwerera. Kakafika pa mbali yaifupi, bolt imaima chilili kwakanthawi: kutsogolo imadikira chipolopolo chiwombe, kumbuyo imadikira china chilowe. Tcheni kuzungulira kamodzi ndiye chipolopolo chimodzi, ndipo wowombera amasankha kuwomba chimodzichimodzi kapena mpaka 200 pa mphindi.

Ubwino wake uli apa. Chipolopolo chakufa chimaimitsa mfuti yodalira mpweya wa wonga, chifukwa palibe chokankha bolt. Bushmaster mphamvu amatenga kunja, ndiye angathe kuchitulutsa. Koma pali chipolopolo china chimene sichinafe, changochedwa kuyaka, ndipo chikaphulika bolt itatseguka anthu a mu turret, kachipinda kozungulira ka pamwamba pa galimoto mmene muli mzinga, ali pangozi. Choncho mzingawu ukapanda kukankha kumbuyo, bolt imakodwa yokha ili chitsekere, ndipo wowombera amayamba wadikira asanadinize batani lopitiriza.

Kufooka kwake kulinso pomwepo. Galimoto ikaima pobisalira injini itazimitsidwa, mawailesi ndi zoonera usiku zili chiyakire, mabatire amatsika. Mota imakoka mwaulesi, bolt n'kuima pakati panjira. Wosadziwa amathamangira kumasula mzinga, pomwe choyamba kuona ndi mabatire ndi polumikiza mawaya. Vuto lachiwiri limabwera pomanga. Chigawo chodyetsa chili ndi kamuvi kosonyeza pamene bolt ili, ndipo pochikhazika, icho ndi thupi la mzinga zonse ziwiri ziyenera kukhala pa malo olembedwa SEAR. Chimodzi chikatsogola, magiya amakumana molakwika ndipo chipolopolo chimafika bolt isanakonzeke. Lachitatu ndi tizitsulo tolumikiza lamba wa zipolopolo. Timatayidwa kudzera m'ngalande zake, ndipo kamodzi kopindika kakapingasa m'menemo, tonse ta kumbuyo timaunjikana mpaka lamba ataima.

Malamba ndi awiri, lina la zoboola chitsulo, lina la zophulika. Pa Bradley amakonzeratu 70 zoboola ndi 230 zophulika. Choboola cha M791 chimatuluka pa liwiro la mamita 1,345 pa sekondi, chophulika cha M792 mamita 1,100, kotero sizigwera pamalo amodzi. Apa ndi pamene ophunzira amaphonya: ukasintha lamba, chipolopolo choyamba kutuluka chimakhala cha mtundu wakale, poti chinali chitalowa kale m'chodyetsa. Osakonza cholinga poona pamene icho chagwera.

A ku Soviet Union anatenga njira ina ndi 2A42 wa 30 mm, wa ku mzinda wa Tula, amene anaikidwa pa galimoto yawo yonyamula asilikali ya BMP-2 kuyambira 1980. Iyeyu amayendera mpweya wa wonga ndipo amafika 550 pa mphindi kapena kuposerapo. Chiwerengerochi chimakoma pakamwa, koma lamba wa zophulika ali ndi 340 basi. Chala chikakakamira, amatha masekondi 40 asanakwane, mpope utatentha, zipolopolo zitamwazikana. Wodziwa ntchito amawomba zitatu kapena zisanu, n'kupuma. Utsi nawonso umadzaza mu turret pa liwiro lalikulu, ndipo fani yotulutsa utsi ikafooka maso amalira misozi, mutu n'kuyamba kuwawa. Tangoganizani zimenezo m'dzuwa la October zitseko zonse zili zotseka. Mzinga wa Rarden wa ku Britain unazemba vutoli potaya zigoba za zipolopolo kunja kwa turret, koma zipolopolo zake zimaikidwa ndi manja zitatuzitatu.

Kuno kwathu mdani wina ndi fumbi la mphepo ya August. Girisi wochuluka akasakanikirana ndi fumbi amasanduka phala lopala zitsulo, makamaka pa tcheni ndi m'njira ya bolt. M'chilimwe amapaka pang'ono, kupukuta pafupipafupi, ndi kuvala pakamwa pa mpope poyenda.

Ine ndimaona kuti dziko logula magalimoto otere liziyamba lafunsa za zipolopolo lisanafunse za liwiro. Dzina loti 30 mm limabisa mitundu yosiyana. 2A42 amadya 30×165 (nambala yachiwiri ndi kutalika kwa chigoba m'mamilimita), pomwe Bushmaster II wa maiko a NATO amadya 30×173, ndipo za mmodzi sizilowa mwa mnzake. Galimoto ya Ratel 20 ya ku South Africa nayo ili ndi zakezake za 20×139. Gulu lokhala ndi mitundu itatu yotere limafunika nkhokwe zitatu, zipangizo zosinthira zitatu, ndi amakanika ophunzira mzinga uliwonse paokha.