Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chimbale chija chinagunda mchenga

Mwandivutitsa mu inbox kuti ndinathawiranji nkhani ili pakati, ndiye nayi. Zikomo nonse munalemba makomenti pa gawo lapita lija, makamaka inu mayi munati munalira pa za agogo, Mulungu akusungeni.

Paja tinalekezera pomwe ndinasiya mpira n'kuyamba kuponya chimbale cha frizibi ndi anyamata a ku Senga Bay. Malume ankati tikuthamangitsa chivindikiro cha ndowa, mpaka lero amatero. Zaka ziwiri zinangodutsa choncho.

Kenako kunabwera akuluakulu ena ochokera ku Lilongwe kudzasankha timu yopita ku mpikisano. Linali Loweruka mu July, mwera uli pachimake, asodzi ambiri sanalowe n'komwe m'madzi, ndiye tangoganizani kachimbale ka magalamu 175 mu mphepo ngati imeneyo, ukaponya kumanja kakupita kumanzere kukagwera pa thandala la usipa la eni ake. Pa mchenga timasewera asanu mbali iliyonse, osati 7 ngati pa kapinga, opanda nsapato. Ukagwira chimbale suthamanga nacho, amene akukulonda amawerenga mpaka 10 ukhale utaponya. Ndipo woyimbira kulibe. Ukalakwitsa umanena wekha, basi.

Pa chigoli chomaliza chimbale chinabwera chotsika kwambiri, ine ndinadziponya n'kugwa chafufumimba. Chinagunda mchenga kaye, kutanthauza kuti sichinayenera kukhala chigoli. Ndinamva ndithu m'zala zangamu, kakugunda kakang'ono, kenako ndi pomwe ndinachifumbata. Amene ankandilonda anali mnzanga uja wa ku Lifuwu, wakabaza uja munamuwerenga mu gawo 6, yemwe uja anandiphunzitsa forehand, kaponyedwe koponyera cham'mbali ndi zala, mpaka chala chapakati chinatupa. Anaima pamwamba panga akupuma mwawefuwefu n'kufunsa, "Aise, chagunda pansi?"

Ndinati ayi.

Anayang'ana chimbale, mchenga uli mbuu m'mphepete mwake, n'kundiyang'ananso ine. Malamulo amamulola kutsutsa, akanangotero chimbale chikanabwerera kwa woponya tiyambirenso. Sanatsutse. Anangoti "bho" n'kundipatsa mkono kuti ndidzuke, ndipo mkono umenewo ndimaumvabe mpaka lero, unali wotentha, wa thukuta. Anthu akukuwa, ena kundimenya pamsana, ine mchenga uli m'kamwa kulephera n'kulavula komwe.

Powerenga mayina langa linalipo, lake panalibe. Kaya chigoli chija ndi chimene chinatisiyanitsa kaya ayi, ndakhala ndikudzifunsa usiku wambirimbiri.

Musandiweruze msanga. Ndinali ndi zaka 22, ntchito ndilibe, kunyumba ankandiona ngati munthu wongotha ufa, ndimafuna kamodzi kokha ndilowe pakhomo ndi nkhani yabwino. Koma inu achimwene mumakonda kulemba kuti ndinalowa timu chifukwa chodziwana ndi kochi, pepani, munthuyo ndinamuona koyamba tsiku lomwelo. Ngati mukufuna pondigwirira ndakupatsani pano ndi manja anga, zabodza zanuzo zisiyeni.

Madzulo ndalama yokwerera galimoto ndinalibe, ndinali nditagulira chips. Mnzanga uja anangoti kwera. Kwawo ndi ku Lifuwu koma anapalasa mtunda wonse uja mpaka pa Kamuzu Road, ine ndili kumbuyo ndikuyang'ana msana wake, osalankhulana ngakhale liwu limodzi. Titafika ndinati ndidzakupatsa mawa. Anati usavutike, n'kutembenuza njinga kubwerera mu mdima.