Bezi Inapita ndi Tambala

Kwathu ku Ndirande mwamuna amadziwika ndi masipika ake. Anga ndi awiri, akuluakulu, a ma ohm 8, ndipo ndikatsegula ampulifaya Loweruka madzulo, mbale za m'kabati zinkavina zokha. Aneba ankadandaula, ine n'kumamva kukoma.

Tsiku lina ndayatsa, woimba akumveka, gitala akulira, koma bezi kulibe. Ng'oma ija inkagunda pachifuwa ikungoti phaphapha ngati mwana akumenya katoni. Chodabwitsa n'chakuti ndikapotoza batani kuti ilire sipika imodzi yokha, bezi inkabwerako. Ndikabwezera pakati, yathawanso.

Za mawaya ndimadziwako, musandiderere. Nthawi ya mvula mkuwa umada kapena kubiriwira kunsonga, magetsi n'kumadutsa movutikira. Ndinadula nsonga zonse, kusenda ndi lezala, kupota tiwaya tam'kati timeneti kuti pasatsale kamodzi koyang'ana kumbali, chifukwa kameneko kakakhudza waya mnzake ampulifaya imazima, mwinanso kupsa kumene. Waya wa mzere ndinamulowetsa pofiira, winayo pakuda, kumbuyo kwa ampulifaya ndi kwa masipika komwe. Ndinayatsa ndili chiimire, manja m'chiuno. Phaphapha yemwe uja.

Mlandu unagwera ampulifaya. Ndinaikulunga m'chitenje, kukwera kabaza, ulendo wa kumsika kwa bambo wina wokonza mawailesi. Iye anangoilumikiza ku masipika ake, bezi inatuluka yoti mayi wogulitsa tomato panja anatembenuka.

“Achimwene, makinawa alibe mlandu,” anatero, dzanja atatambasula kale kudikira ya choyeza.

Ndinakana. Tinakangana mpaka tinagwirizana kuti akaone yekha kunyumba, kabaza wake wolipira ine.

Atafika sanafune n'komwe kumva nyimbo. Anapempha batire la rimoti, lija la 1.5 volts, n'kuzula mawaya kumbuyo kwa ampulifaya. Waya wa mzere anamugunditsa kumutu kwa batire, winayo kunsi. Sipika yoyamba inati thu, chipepala chake chakuda chija n'kutumphukira kunja. Yachiwiri inati thu, n'kulowa m'kati.

“Mwaona? Ina ikamakankha mphepo, inzake ikukoka. Bezi zimadyerana pamenepo. Waya uyu watembenuka.”

“Sizingatheke, bambo. Onani nokha, pofiira ndi pofiira.”

Anayang'ana, anavomera, kenako anagwada n'kuyamba kulondola wayayo ndi zala m'mbali mwa khoma. Tinasuntha kabati. Kunatuluka mphemvu, supuni yomwe tinkanamizira mwana wa aneba, ndi chotupa pakati pa waya, chokulungidwa ndi jumbo ya shuga, chomangidwa ndi mphira. Atamasula tinapeza waya wodulidwa n'kulumikizidwanso mwaudongo ndithu, kungoti wa mzere anakwatitsidwa kwa wopanda mzere.

Ndinakuwa kuti mbewa za masiku ano zafika pena. Mmisiri anandiyang'ana, n'kufunsa ngati mbewa zakwathu zimagula shuga.

Apa n'kuti mayi a kunyumba ataima pakhomo la kukhitchini, chipande chili m'manja.

“Amayi, ichi n'chiyani?”

“Iii, abambo, mwayamba liti kusesa kuseri kwa kabati? Tsiku lija anabwera apongozi ndi tambala, mumafuna athawe? M'nyumba muno munalibe chingwe. Waya wanuyo anali wautali wongodzipinda, ndinangodulako kachidutswa komangira miyendo.”

“Nanga kudula pakati bwanji?”

“Kunsonga mukanaona.”

Mmisiri anali ataweramira pansi, mapewa akugwedezeka. Anasenda mawaya, kulumikiza mzere kwa mzere, kuwotcherera, kukulunga aliyense payekha ndi tepi yakuda. Ananenanso, ine ndili pomwepo, kuti mayiwa amapota waya bwino kuposa anyamata ake a kushopu, akadzafuna ganyu adzangofika. Atayatsa, mbale zinayambiranso gule wake.

Ndinafuna kubweza ulemu wanga pamaso pa mlendo, ndiye ndinawerengera mokweza: kabaza wopita, kabaza wobwera, ya choyeza, ya kuwotcherera, zonsezi chifukwa cha nkhuku imodzi.

Mayi sanakweze mawu.

“Nthutumba ya tambala ameneyo anadya ndani, abambo?”