Zikomo nonse amene munadzaza nkhokwe ya mpingo m'chaka cha chilala

Abale ndi alongo mwa Ambuye, amene muli kuno ku Balaka ndi amene muli kutali, moni m'dzina la Yesu Khristu. Ife a komiti yoyang'anira nkhokwe ya mpingo talemba kuti tithokoze poyera. Miyezi ya njala yapita, chimanga chatsopano chayamba kulowa m'nyumba, ndipo thandala limene munadzaza lija latsala mitengo yokha. Ulemerero upite kwa Mulungu. Inu amene munapereka, Ambuye abwezeretse pamene munachotsapo.

Mukukumbukira mmene zinalili. Kumayambiriro a 2024 mvula inadula chimanga chikungoyamba kumasula, masamba n'kupiringizika dzuwa lisanafike paliwombo. Pa 23 Malichi chaka chomwecho Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha chilala cha El Niño. Kafukufuku amene anatsatira anasonyeza kuti anthu pafupifupi 5.7 miliyoni adzasowa chakudya kuyambira Okutobala 2024 mpaka Malichi 2025. Apo n'kuti kwacha itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza, mafuta ophikira, mchere, zonse zitakwera mtengo.

M'chaka chotero, mawu a pa Mateyu 6:25-34 amalemera pakamwa. Yesu akuti tisadere nkhawa za chimene tidzadya, tiyang'ane mbalame zimene sizifesa, sizikolola, sizitutira m'nkhokwe, koma Atate amazidyetsa. Mawuwa ndi oona, ndipo timawakhulupirira ndi mtima wonse. Koma Yakobo 2:15-16 amatichenjezanso kuti kuuza mbale wanjala kuti apite mumtendere osampatsa kanthu n'kopanda phindu. Mayi wamasiye amene ana ake agona ndi madzi okha, kuti umuuze kuti asadere nkhawa, uyenera kufika pakhomo pake utanyamula kanthu. Inu ndi amene munachititsa kuti akulu a mpingo akhale ndi nkhope yonenera mawu amenewa.

Funso limabwera kawirikawiri m'milaga: kodi kusunga chimanga si kukayika Mulungu? Suja mana a m'chipululu, amene ena anasunga mpaka m'mawa, anagwa mphutsi n'kununkha? Zoona, zili pa Eksodo 16. Koma mutu womwewo ukunena kuti mana otoledwa tsiku lachisanu ndi chimodzi, amene Mulungu analamula kuti asungidwire Sabata, sanaole. Ndipo pa Genesis 41 Yosefe analangiza Farao kuti asunge gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola m'zaka zisanu ndi ziwiri za mwanaalirenji, n'kupulumutsa anthu a mitundu yambiri. Chimene chinaoletsa mana ndi mantha a munthu wodzikundikira yekha, osamvera. Paulo pa 2 Akorinto 8:15 anatenga nkhani ya mana yomweyo polimbikitsa chopereka cha osauka a ku Yerusalemu, kuti wotola zambiri asatsale nazo, wotola pang'ono asasowe. Makolo athu anati kupatsa n'kuika. Nkhokwe ya mpingo yaima pamenepo.

Tinenenso chimene nkhawa imachita pakhomo, chifukwa siithera mumtima mokha. Imagulitsitsa chimanga kwa mavenda mu Meyi pamtengo wolira, kuti mu Januwale munthu akagule chomwecho ndi ndalama zochuluka kuposa zimene analandira. Imalowetsa banja m'katapila. Imadyetsa mbewu imene inasungidwira kubzala. Ndipo yoopsa kwambiri ndi iyi: nthawi yopalira ndi kubandira, bambo ndi mayi amasiya munda wawo n'kukagwira ganyu m'minda ya ena kuti apeze ufa wa tsiku limenelo, udzu n'kumera m'munda mwawo, njala ya chaka chino n'kubereka ya chaka chamawa. Ndiye thumba limodzi lofika pakhomo mu Januwale silidyetsa mwezi umodzi wokha. Limabwezera makasu m'munda wa eni ake.

Zikomo amene munabweretsa zanu pa tsiku la masika ngakhale munakolola zochepa. Ena ndowa, ena chigoba, agogo ena mbale imodzi ya nandolo atamanga pansalu. Zonse zinakwera pa sikelo ndi kulembedwa m'buku, pakuti ndowa zitatu zodzadza bwino zimayandikira thumba la makilogalamu 50, ndipo mbale zikaphatikizana zimadzaza ndowa. Zikomonso ana athu a ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Johannesburg ndi ku Durban amene munatumiza ndalama kudzera pa Mukuru, Airtel Money ndi Mpamba. Chinathandiza kwambiri n'chakuti munatumiza nthawi yokolola, chimanga chikadapezeka m'misika. Ndalama yomweyo ikanabwera mu Febuluwale ikanagula zochepa kwambiri.

Amayi a Mvano, ntchito yanu ndiyo inapulumutsa chimanga chija, ndipo tikufuna aliyense wowerenga adziwe mmene imagwiridwira, chifukwa nkhokwe zambiri zimalephera pomwepa. Chimanga chobwera kuchokera m'makomo osiyanasiyana sichikhala chouma mofanana. Thumba limodzi lachinyezi likasakanizidwa ndi anzake limawononga onse. Choncho chilichonse chimayamba chapetedwa, zitsononkho ndi zinyalala n'kuchotsedwa, kenako n'kusankhidwa ndi manja. Njere zosweka, zobooka ndi zosintha mtundu zimachotsedwa. Zimene zagwidwa chuku, zija zooneka zobiriwira kapena zakuda, zimatayidwa ndithu, osapatsa nkhuku kapena nkhumba, osaphikira thobwa. Chuku chimasiya poizoni wotchedwa aflatoxin amene sapsa pamoto, amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Kupereka chimanga chotero kwa wanjala si chifundo ayi.

Chikasankhidwa chimayanikidwa pa mkeka kapena pa lona, osati padothi, chosanjikiza mopyapyala, n'kumatembenuza ndi dzanja kangapo pa tsiku, madzulo n'kulowetsa mame asanagwe. Alangizi amati chinyezi chitsike mpaka 13 peresenti, koma makina oyezera kumudzi sapezeka. Njira imene munagwiritsa ntchito ndi ya botolo ndi mchere. Mumatenga botolo lagalasi louma bwino, n'kuthiramo chimanga mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a botololo. Mumawonjezera masipuni awiri kapena atatu a mchere umene wayamba wauma padzuwa kapena wakazingidwa pang'ono. Mumatseka, kukhutchumula kwa mphindi imodzi, kulisiya mphindi 15, n'kukhutchumulanso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ngati chifunga, chimanga chikadali chachinyezi, chibwerere padzuwa. Ukatsika pansi wonse galasi n'kukhala loyera, chauma. Mchere ukakhala kuti unali wonyowa kale, botolo limanama, n'chifukwa chake umayamba waumitsidwa. Kuluma njere kumathandizanso: youma imasweka ndi phokoso, yachinyezi imangophwanyika mwakachetechete m'mano.

Achinyamata, zikomo chifukwa cha misana yanu ndi kuleza mtima kwanu pomanga matumba a PICS. Thumba limeneli lili ndi mapepala awiri a pulasitiki m'kati ndi thumba loluka kunja. Silifuna mankhwala. Nankafumbwe amene walowa ndi chimanga amamaliza mpweya wotsala m'katimo n'kufa yekha, mazira akenso osapitirira. Koma zonsezi zimatheka ngati mpweya sukulowa. Pepala lililonse limayamba layesedwa: kulikupiza kuti lidzaze mpweya, kutseka kukamwa ndi dzanja, kufinya n'kumvetsera ngati pali pamene pakutuluka mpweya. Pothira chimanga, thumba silidzazidwa mpaka kukamwa, pamafunika malo omangira. Pepala lam'kati limafinyidwa kuti mpweya utuluke, kupotoledwa, kupindidwa, n'kumangidwa palokha. Lachiwiri chimodzimodzi palokha, kenako lakunja. Cholakwika chimene anthu ambiri amachita ndi kumanga onse atatu ndi chingwe chimodzi pofuna kufulumira, kapena kumanga ndi waya amene amang'amba pulasitiki. China ndi kumatsegula thumba sabata iliyonse kuti aone ngati chimanga chili bwino. Kutsegula kulikonse ndi kupatsa nankafumbwe mpweya watsopano. Thumba likatsegulidwa, ligawidwe lithe.

Matumba amakhala pa thandala, osagunda pansi, osatsamira khoma, kuti chinyezi chisakwere komanso munthu athe kuzungulira n'kuona ndowe za makoswe. Khoswe akaboola pepala ngakhale pang'ono, thumba limenelo lasanduka thumba wamba, ndipo ndilo liyenera kuyamba kugawidwa.

Kwa alangizi a zaulimi a m'dera lino, zikomo pobwera pa tsiku lomanga matumba ndi pa chenjezo limene tikufuna kubwereza pano. Amene mukugwiritsa ntchito mankhwala a ufa monga Actellic m'matumba wamba, tsatirani mlingo wolembedwa pa botolo, osathira mongoganiza, ndipo sakanizani bwino pa lona chimanga chisanalowe m'thumba. Koma mapiritsi aja ofukizira chimanga amene ena amagula m'misika, musawaike m'matumba osungidwa m'nyumba yogona anthu. Amatulutsa mpweya wapoizoni umene umadutsa m'thumba loluka, ndipo umapha, makamaka ana ogona pansi pafupi ndi matumbawo. Chonde, uzani anansi anu.

Alembi ndi asungichuma, inu munasenza mtolo wosaoneka. Chuma cha mpingo chikasowa mboni chimabala miseche, miseche n'kupha mtima wopereka. N'chifukwa chake chitseko cha nkhokwe chili ndi maloko awiri, makiyi ake kwa anthu awiri osiyana, ndipo thumba silituluka popanda kulembedwa tsiku, kulemera kwake ndi mlaga kumene likupita, anthu atatu n'kusainira. Pamsonkhano wa mpingo amawerenga ziwerengero zokha. Mayina a olandira amatsala m'buku. Akulu a milaga, zikomo pofufuza mwaulemu amene avutikitsitsa, mosayang'ana ngati amapemphera nafe kapena ayi, ndi pokapereka chamadzulo pa njinga, osaitanitsa anthu pa mzere pabwalo la tchalitchi. Mateyu 6 yemweyo amene amati tisadere nkhawa ndi amenenso amati dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita. A mfumu, zikomo potithandiza kudziwa makomo amene alandira kale thandizo la boma, kuti chochepa chimene chinalipo chifike kumene kunalibe kanthu.

Mlingo unali wodziwika: banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi limatha pafupifupi thumba la makilogalamu 50 pa mwezi. Koma kuti thumba likwanedi mwezi, zimatengera kuchigayo. Chimanga chikakonoledwa, kuviikidwa n'kugayidwa kuti chikhale ufa woyera, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limapita ku madeya ndi m'madzi. Mgaiwa sutaya kanthu, ndipo umakhalitsa m'mimba. Tikudziwa kuti nsima yoyera ndi imene ambiri timakonda, koma zikomo mabanja amene munalola kudya mgaiwa miyezi ija. Soya amene anabwera pa masika anapita ku phala la ana: magawo anayi a chimanga, gawo limodzi la soya wokazinga bwino, kugayira pamodzi. Soya wosakazinga amavuta kugayika m'mimba ndipo phala lake limanunkha chiwisi, ana amalikana.

Ndipo inu amene munalandira, zikomo. Kulandira n'kovuta kwa munthu amene wakhala akudzidyetsa yekha moyo wake wonse. Ena mwa inu munauza akulu kuti ayambe apita khomo la uje, kuti inu mungathe kupirira sabata ina. Ena mwabwera kale kudzafunsa tsiku la masika a chaka chino kuti nanunso mubweretse kanu. Pa mapemphero a m'milaga munaphunzitsa tonsefe zimene zili pa Afilipi 4:6, kuti zopempha zathu zipite kwa Mulungu pamodzi ndi chiyamiko. Munkayamba ndi kutchula zimene zilipo, nkhwani za kudimba, mwana amene wachira malungo, mvula imene yagwa usiku, kenako n'kutchula chimene chikusowa ndi dzina lake, ufa kapena fizi, osazungulira. Pemphero lotero likamveka pakati pa abale, kawirikawiri wina pagulupo amakhala ali ndi mbali ya yankho m'nyumba mwake.

Zokolola za chaka chino sizinachuluke monga tinkafunira, koma zilipo, ndipo tikuyamika. Nkhokwe itsegulidwanso pa masika. Bweretsani chimanga chotonola ndi chouma, ndipo ngati mukukayika, botolo ndi mchere zidzakhala pakhonde la tchalitchi. Nandolo, khobwe ndi mapira tikulandiranso, chifukwa zimasungika m'matumba omwewa. Amene muli ndi mapepala a PICS a chaka chatha, musawasandutse malona kapena zofolera makala. Apukuteni, apindeni bwino, muwapachike pamene makoswe safika, ndipo mubwere nawo kuti achinyamata adzawayese. Pepala losabooka limagwiranso ntchito chaka chachiwiri ndi chachitatu.