Kambuzi wa pa 6 Koloko

Gulu lathu la pa WhatsApp likamakonza ulendo wa pa holide, mkangano sukhala wa kopita, umakhala wa ndani asenze mbaula. Ulendo uno ena ankafuna ku Chongoni kukaona zojambula za pamiyala, koma titawerengetsa za thiransipoti tonse tinayamba kulikonda phiri la Dedza, poti lili pakhomo. Tsiku tinasankha 15 October, la Anakubala. Tinalipo asanu ndi atatu: wina makala, wina nyama ya mbuzi makilogalamu atatu, wina kachewere wa ku Bembeke, alamu anga ufa ndi tsabola.

Ine sindinasonkhe chonyamula, ndinasonkha nzeru. Pa 15 October pomwepo dziko lonse limakumbukiranso ndodo yoyera ya anthu osaona, ndipo ntchito yanga ndi yophunzitsa ana osaona kuyenda. Ndinati tikwere awiriawiri, mmodzi atamangidwa chitenje kumaso, wina akumutsogolera.

Patsinde pa phiri ndinapereka phunziro. Wosaona samukoka ngati mbuzi yopita kumsika, samukankhanso kumbuyo. Iyeyo ndiye amagwira mkono wa womutsogolera, pamwamba pang'ono pa chigongono, wotsogolera n'kukhala patsogolo ndi theka la sitepe. Thupi lake likatsika kapena kukhota, mkono umanena wokha. Njira ikapanikiza, wotsogolera amapititsa mkonowo kumsana kuti mnzakeyo alowe kumbuyo kwake. Pa chitsika kapena chikweza umaima kaye, n'kunena kuti tikutsika kapena tikukwera. Ndodo ifike pachifuwa, ndipo izisesa mulifupi mwa mapewa: ikagunda kumanzere, phazi lakumanja ndilo lili patsogolo. Ndinamaliza ndi lamulo lalikulu: mawu akuti "apo" ndi "uko" ngoletsedwa, chifukwa amayenda ndi chala, ndipo chala munthuyo sachiona.

Anthu anawomba m'manja. Kenaka alamu anati, "Ndiye aphunzitsi ayambe okha."

Zaka zonsezi ine ndakhala wogwiridwa mkono. Chitenjecho, chomwe chinali chitakulungapo usipa dzulo lake, chitangofika kumaso, miyendo inasanduka ya munthu wina. Nsungwi imene alamu anandidulira inkalekeza pamchombo. Ndodo yaifupi imakuuza za dzenje phazi litafika kale, ndiye imangokhala mboni.

Tinayenda bwino mumsewu wa m'mapaini, mwina mphindi khumi. Kenaka foni ya alamu inalira. Anasolola mkono wawo n'kundisiya ndikugwira mphepo, koma mapazi awo ndinkawamvabe, ndiye ndinapitiriza kuyenda mwaulemu wanga wonse.

"Alamu, samalani apo!"

"Pati?"

"Apopo!"

Ndinapapeza. Unali ngalande ya madzi a mvula, youma, yodzaza masamba a paini. Ndinalowamo chokhala, nsungwi ili m'mwamba ngati ndikuloza ndege. Palibe anathamanga kudzanditola, onse anathamangira mafoni.

Phirili ndi lalitali pafupifupi mamita 2,200, ndipo pamwamba pake kamphepo kamaluma ngakhale mu October. Titafika, nsima itapsa, ndinati ndibweze ulemu wanga pa chakudya. Munthu wosaona amamufotokozera mbale ngati wotchi: 12 koloko ndi kutali ndi iye, 6 koloko ndi pafupi ndi mimba yake, 3 kumanja, 9 kumanzere. Ndinamanganso chitenje ndekha.

Alamu anakhala moyang'anana nane n'kulengeza ngati wa pa wailesi: "Nsima pa 3, kachewere pa 9, nyama pa 6, kambuzi pa 12. Ku 12 musapiteko, ndasinja ndekha."

Dzanja litapita pa 3 linapeza kachewere. Pamenepo munthu wanzeru akanaima. Ine ndinangoti alamu sadziwa kumanja ndi kumanzere, ndinafufuza nsima mbali inayo, ndinatema mbamu yaikulu, n'kuiboola ndi chala bwinobwino, ndipo ndinatapa pa 6 koloko ndi mtima wonse.

Chimene ndinaiwala kuwauza n'chakuti wotchi imawerengedwa kuchokera kumene wakhala wakudyayo. Alamu anawerenga kuchokera kwawo, ndiye mbale yonse inali chadodolido. 6 wawo anali 12 wanga. Kambuzi wosinja, wopanda phwetekere ngakhale mmodzi, anakwanira m'mbamu yonse.

Chitenje ndinachichotsa, koma sizinathandize, misozi inatenga malo ake. Ndinakuwa kuti madzi.

"Ali apo," anatero alamu.

Madzinso sazimitsa tsabola, amangomwaza moto m'kamwa. Chinandipulumutsa ndi mkaka wa tiyi umene mlongo wina anabwera nawo m'botolo, ndipo tiyi tsiku limenelo anamwa wakuda, akunditukwana.

Ulendo wa pa Khirisimasi agwirizana kale, wa ku Mua kudzera msewu wokhotakhota wotsikira ku Golomoti. Pa mndandanda wa zonyamula dzina langa alilemba "Aphunzitsi 6 Koloko", ndipo andipatsa mbaula.